Wolakwa Akabwerera, Mpingo Uchite Chiyani?

Funso: Kodi Baibulo limatiuzadi kuti tizisangalala wochimwa akalapa?

Yankho: Inde. Pa Luka 15 Yesu anayankha Afarisi ndi alembi, amene ankang'ung'udza kuti amadya ndi ochimwa, powapatsa mafanizo atatu: nkhosa imodzi yosochera mwa 100, ndalama imodzi yotayika mwa 10, ndi mwana wolowerera. M'mafanizo onsewa palibe akusangalala yekha. Mbusa akuitana anzake, mayi wotaya ndalama uja akuitana anansi, bambo akupha mwana wa ng'ombe wonenepa. Munthu wa ku Lirangwe amene mbuzi yake inasowa n'kupezeka sabisa nkhaniyo, mudzi wonse umamva.

Funso: Kodi kutero si kulekerera tchimo?

Yankho: Ayi. Tikukondwerera kubwerako. Ndipo kulapa kwenikweni kumaoneka: Zakeyu, pa Luka 19, analonjeza kubweza kanayi zimene analanda anthu. Wakuba abweze, wothawa banja asamale ana ake.

Funso: Nanga ife amene sitinachokepo, bwanji mtima umatiwawa?

Yankho: Apa ndiye pagona nkhani. Mkulu wake wa mwana wolowerera anali wakhama, sananame pamene anati wagwirira ntchito bambo ake zaka zambiri. Koma anakana kulowa m'nyumba, ndipo mng'ono wakeyo anangomutchula kuti mwana wa bambo akewo, ngati si m'bale wake. Bambo anatuluka kukamudandaulira nayenso. Zimenezi zikutikhudza ife a m'mipingo ya ku Chileka kuno, a Mvano, a kwaya, akulu a mpingo amene. Mtsikana akatenga pathupi n'kudulidwa, nkhani imafika pamjigo tsiku lomwelo. Akabwerera, timangomuyang'ana cham'mbali. Mnyamata wotuluka ku ndende ya Chichiri amapeza benchi yonse ili yakeyake. Zimandipweteka kuti timadula mokweza koma timalandira monong'ona.

Funso: Akalakwanso bwanji?

Yankho: Angathedi kulakwanso. Petro anakana Ambuye katatu, komabe pa Yohane 21 anapatsidwa nkhosa kuti adyetse.

Funso: Tsono tichite chiyani pa Sabata limene wabwezedwa?

Yankho: Paulo, pa 2 Akorinto 2, anauza mpingo kuti chilango cha munthu wina amene analakwa chakwana, amukhululukire ndi kumutonthoza kuti chisoni chisamumize. Mupatseni moni wa pamanja, mutchuleni dzina lake, khalani naye pafupi pa Mgonero. Mkati mwa sabata mukamuyendere kwawo, ndipo zakale zija musazitchulenso pokambirana za maudindo kapena pa maliro.