Kodi pa Ilala Pali Pogona?

Funso: Ndikufuna kupita ndi mayi anga okalamba ku Likoma pa sitima ya Ilala. Kodi akagona pati, nanga akadya chiyani?
Wowerenga, Lirangwe

Yankho: Bambo, popeza Ilala, imene inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951, ikanyamuka ku Monkey Bay imachezera usiku isanafike ku Likoma, sikuyenera kuti mayiwo agone pansi pakati pa matumba a ufa. Zipinda zogona zilipo m'mwamba, koma n'zowerengeka, lembetsani msanga. Chakudya chimaphikidwa m'sitima momwemo, ndipo pamwamba penipeni pali pogulira zakumwa, pamene apaulendo amacheza akuonera dzuwa likulowa. Nyengo ya mwera, makamaka June ndi July, mafunde amadzetsa mseru. Ngati mayi ali ndi nthenda ya mtima, akaonane ndi dokotala musananyamuke.