Mawu a Chingerezi Amene Amathawa M'mutu

Omvera, makalata ndi awa ali pathebulo. Yoyamba yachokera kwa mtsikana wa Fomu 4 ku Dwangwa. Akuti: "Aphunzitsi, pokonzekera MSCE ndimaloweza mawu 20 a m'dikishonale tsiku lililonse, koma pofika Lachisanu onse amakhala atauluka. Nditani?"

Mwana wanga, ukutunga madzi ndi dengu. Mawu amafuna powakoleka. Tenga mawu akuti lagoon. M'dikishonale ndi ouma gwa, koma kaime pa mlatho wa Chia, uone thamanda lija lolumikizana ndi nyanja kudzera pa kamtsinje, pomwe amayi amagulitsa nsomba m'mbali mwa msewu. Lagoon ndi imeneyo. Mpasa ukamakwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira, pa Chingerezi amati spawn. Zombo za matanga zomwe Jumbe ankawolotsera akapolo, Jumbe yemwe Livingstone anakumana naye pansi pa mkuyu mu 1863, dzina lake ndi dhow.

Tsono apa tchera khutu. Njovu pafupifupi 500 zija anazisamutsa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kubwera m'nkhalango yathu ino ya Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ntchito imeneyo amati translocation. Mawu aataliwo usawaope, aswe pakati ngati mtedza. Trans ndi kuwolotsa, location ndi malo. Ukagwira trans yekhayo wagwiranso transport, transfer ndi translate, abale a bere limodzi. Ndiye leka 20 ajawo. Atatu patsiku akukwana, aliwonse uwalembe m'kope ndi chiganizo chonena za kwanu, osati za ku London kumene sunapondeko.

Kalata ina ndi ya bambo wina, msodzi wa kufupi ndi Benga. Akuti pa msonkhano wa usodzi mlendo wina ankangoti moratorium, moratorium, anthu n'kumagwedeza mitu osamva kanthu.

Bambo, pepani, vuto silinali lanu. Moratorium ndi kuimitsa chinthu kwa kanthawi mwalamulo, monga mmene amatsekera nyanja kuti chambo chiswane. Mlendoyo akanangoti "titseka nyanja", msonkhano ukanatha dzuwa lisanatenthe. Ena amakonda mawu olemera kuti aoneke ophunzira, nanga si amati Chingerezi ndi suti. Ulendo wina mudzakweze dzanja, mudzamufunse tanthauzo pomwepo, ndipo ngati n'kotheka akulembereni papepala. Pepalalo mudzatitumizire kuno.