Phunziro la Zaumoyo: Kusinthitsa Majakisoni Pofuna Kupulumutsa Moyo

Tikamva za mankhwala ozunguza bongo, ambirife timaganiza za chamba. Koma alipo ena, monga heroin, amene anthu amadzibaya mumtsempha. Anthu akamabwerekana jakisoni, timagazi totsalira mu singano timafalitsa kachilombo ka HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C. Wotenga matendawo amakapatsiranso mkazi kapena mwamuna wake, ngakhalenso mwana wosabadwa.

Njirayi imayenda bwanji?

Munthu wodzibaya amapereka majakisoni ogwiritsidwa kale ntchito, n'kulandira atsopano kwaulere. Pamalo omwewo amayezedwa magazi, amalandira uphungu, ndipo amauzidwa komwe angathandizidwe kuti asiye. Mzinda wa Amsterdam unayamba njirayi mu 1984. Mu 2004, bungwe la WHO litaunika kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana, linapeza kuti imachepetsa kufala kwa HIV, ndipo silinapeze umboni woti imachulukitsa anthu odzibaya.

Nkhaniyi si ya ku Ulaya kokha. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri amapita kukasaka maganyu, bungwe la TB HIV Care linayamba ntchitoyi mu 2015. Ku Durban akuluakulu a mzinda anaiyimitsa mu 2018 podandaula za majakisoni otayidwa paliponse, koma inayambiranso mu 2020. Apa tikuphunzira kuti kutolera majakisoni akale n'kofunika mofanana ndi kugawa atsopano.

Nanga ife akhristu?

Timakhulupirira kuti thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera (1 Akorinto 6:19), n'chifukwa chake sitisuta fodya kapena kumwa mowa. Choncho ena amafunsa ngati kupereka jakisoni sikuvomereza tchimo. Funsoli n'lomveka. Komabe taganizirani za Msamariya wa pa Luka 10: sanayambe wafunsa chimene munthu wovulala uja ankafuna panjira yoopsayo, koma anamanga mabala ake kaye. Chizolowezi cha heroin sichitha tsiku limodzi, ndipo munthu amatha kulapa ndi kusintha pokhapokha ali moyo.

Zoyenera kuchita kuno kwathu

Kuno ku Malawi HIV imafala kwambiri kudzera m'kugonana, ndipo lamulo la Dangerous Drugs Act limaletsa heroin. Kuopa apolisi ndi manyazi kumachititsa odzibaya kubisala, kaya amagona m'khonde la sitolo ku Old Town kapena m'nyumba ya mpanda ku Area 10 ndi Area 43. Ifeyo tisawasale. Tiwalimbikitse kukayezetsa magazi ku Lighthouse pa chipatala cha Kamuzu Central, kapena ku Martin Preuss pa Bwaila. Mukapeza jakisoni wotayidwa, musamugwire ndi manja, dziwitsani azaumoyo.

Mafunso okambirana

1. Kodi kuteteza moyo wa munthu kumasiyana bwanji ndi kuvomereza zochita zake?
2. Wophunzira wanu atakuululirani kuti amadzibaya, mungayambe ndi mawu otani?
3. Kodi mpingo wanu ndi malo amene munthu wotere angalowemo mosaopa?