Phunziro la Mwezi Uno: Kuchoka ku Lilongwe Kukafika ku Jeddah ndi Maola Angati?



Nyengo ya Hajj ikamayandikira, ambiri timafunsa kuti, “Kodi ku Makka ndi kutali bwanji?” Yankho lake lili m'masamu ndi jogalafe zomwe timaphunzira m'kalasi. Kuphonya masamu amenewa kungachititse munthu kusiyidwa ndi ndege, kapena kudutsa miqat asanavale ihram.

Mtunda wake

Ku Makka kulibe bwalo la ndege, choncho ambiri amatera ku Jeddah, pa bwalo la King Abdulaziz. Kuchokera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, mtunda wowongoka wa mumlengalenga ndi pafupifupi makilomita 4,000. Njira yodziwika ndi yosinthira ndege pa bwalo la Bole ku Addis Ababa. Chigawo choyamba ndi pafupifupi makilomita 2,600, chachiwiri 1,400. Tikaphatikiza tipezanso 4,000, chifukwa Addis Ababa ili pafupi kwambiri ndi mzere wowongoka wochoka ku Lilongwe kupita ku Jeddah. Yang'anani pa mapu mutsimikize.

Nthawi yake

Timadziwa kuti nthawi timaipeza pogawa mtunda ndi liwiro. Tiyerekeze kuti ndege ikuuluka makilomita 800 pa ola. Ulendo wa ku Addis Ababa ukhala maola 3 ndi mphindi 15, wa ku Jeddah ola 1 ndi mphindi 45. Onse pamodzi ndi maola 5. Koma ndege siyamba ndi liwiro limeneli: imayenda kaye pansi, imakwera, ndipo imachepetsa liwiro ikamatsika. N'chifukwa chake chigawo choyamba chimatenga pafupifupi maola 4, chachiwiri maola opitirira 2. Tiwonjezerepo kudikira ndege yachiwiri, ndi ulendo wa pansi wa pafupifupi makilomita 100 kukafika ku Makka.

Ola lomwe limasocheretsa

Ethiopia ndi Saudi Arabia ali patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, ndipo nthawi yolembedwa pa tikiti ndi ya dziko limene bwalolo lili. Ndege yonyamuka ku Lilongwe 14:00 n'kuuluka maola 4 idzatera wotchi yathu ikunena 18:00, pomwe ku Addis Ababa ili 19:00. Wosasintha wotchi adzaganiza kuti akadali ndi ola lina, anzake akukwera kale. Tiwakumbutse agogo ndi makolo athu kusintha wotchi akangotera.

Swala ndi ihram

Maulama ambiri amati ulendo wopitirira makilomita pafupifupi 80 umalola kufupikitsa Swala, ndipo Mashafi'i amalolanso kuphatikiza Zuhr ndi Asr, kapena Maghrib ndi Isha. Wolunjika ku Makka amadutsa malire a miqat ali mumlengalenga, ndege isanatere ku Jeddah. Choncho ambiri amavaliratu ihram ku Addis Ababa, poti m'ndege malo osinthira ndi ochepa. Tsatanetsatane wake afunsidwe kwa masheikh ulendo usanayambe.

Ntchito ya ophunzira

1. Ndege yanyamuka ku Addis Ababa 16:00 n'kuuluka maola 4. Idzatera nthawi yanji ku Lilongwe?
2. Pa liwiro la makilomita 850 pa ola, makilomita 4,000 atenga maola angati?

Mayankho aperekedwe kwa aphunzitsi a masamu. Allah awapeputsire ulendo onse amene akukonzekera Hajj.