Nkhanu zofera m'ndowa musaziphike

FUNSO: A dokotala, ana anga amagwira nkhanu m'kamtsinje kothira mu Bua. Lamulungu lapitali anabwera nazo zambiri, ndinaziika m'ndowa ya madzi n'kuvundikira mpaka m'mawa. Nditaziponya m'madzi owira zinaphiriphitha kwambiri moti mtima unandipweteka. Zingapo zinali zitafa kale usiku, ndiye izo sizinavute. Kodi nkhanu zimamva kuwawa? Pali njira yoziphera mwachifundo? Ndine mayi wa ana atatu, Kamwendo, Mchinji.

YANKHO: Mayi, za kuwawa ndiyankha, koma mtima wanga uli pa zija mukuti sizinavute. Munaziphikira pamodzi ndi zamoyo, ana n'kudya? Nkhani imeneyi ndaibwereza mpaka kutopa nayo: nkhanu imene mwaipeza yakufa, osadziwa kuti yafa nthawi yanji, ndi yotaya.

Nkhanu si chambo choti mungachitumbule n'kuchotsa matumbo msanga. Zam'mimba mwake zimakhala zotsekeredwa m'chigoba pamodzi ndi nyama. Ikangofa, timadzi timene timagaya chakudya timayamba kusungunula nyama yake yomwe, ndipo tizilombo timaswana mofulumira, makamaka kukamatentha. Moto umapha tizilombo, inde, koma poizoni wina amene tasiya satha ndi kuwiritsa. Fungo lokhala ngati la mkodzo likamamveka ndiye kuti zafika kale patali, ndipo nyama imayamba kuonongeka fungolo lisanabwere. Choncho mphuno musaidalire. Inyamuleni nkhanuyo. Yamoyo imapinda miyendo, imafuna kukupanani. Miyendo ikangolendewera, tayani.

Chinazipha ndi ndowa yovundikirayo. Nkhanu zimapuma mpweya wa m'madzi monga nsomba, ndipo zikathithikana m'madzi osayenda mpweyawo umatha, zimabanika pang'onopang'ono usiku wonse. Imfa imeneyo ndi yoipa kuposa ya mumphika. Zisungeni m'dengu pamthunzi, mutayala udzu wonyowa ndi kufunditsa chiguduli chonyowa, ndipo muziphike tsiku lomwelo.

Tsopano za kuwawa. Mu 2021 akatswiri a ku London School of Economics, motsogozedwa ndi Jonathan Birch, anaunika kafukufuku wambiri ndipo anapeza umboni wamphamvu woti nkhanu zimamva kupweteka. Mu 2022 dziko la Britain linaziika m'lamulo lake la zamoyo zomva kuwawa, ndipo ku Switzerland analetsa kuponya nkhanu zam'nyanja m'madzi owira zisanakomoledwe kuyambira 2018. Ine sindinadikire azungu kuti ndikhulupirire zimenezi. Ndinaziona ndili mnyamata, tikusaka nkhanu pansi pa miyala ndi anzanga. Tinkazithyola miyendo yopanira zili zamoyo kuti zisatilume, n'kuziponya pamakala. Tsiku lina agogo anatipeza, anatola imodzi imene inkadzikoka ndi miyendo yotsala, n'kuiphwanya ndi mwala kamodzi kokha. Sanatikalipire. Anangotiyang'ana, n'kupitiriza ulendo wakudimba. Mpaka lero ndikaona mwana akuthyola nkhanu miyendo ndimaima n'kumuletsa, ndipo inunso anawo muwaletse.

Nkhanu muziipha chonchi. Igonekeni chagada pathabwa. Tukulani kachivundikiro ka pamimba, mudzaona kadzenje. Bayani pamenepo ndi msomali woyera kapena nsonga ya mpeni, mupotokole, kenako bayaninso kutsogolo, pakati pa maso ndi kamwa. Malo awiriwa ndiwo phata la mitsempha yake, ndipo mukabaya amodzi okha imakhala isanafe. Zazing'ono za mumtsinje mutha kuzidula pakati ndi mpeni waukulu wakuthwa, kuchokera kumaso mpaka kumbuyo, kamodzi. Mukatero ikani pamoto nthawi yomweyo.

Pamoto pomwepo pali chenjezo lina. Kufiira kwa chigoba sikutanthauza kuti yapsa. Ziwire mphindi 15 madzi atayambanso kubwata, mpaka nyama ikhale yoyera ndi yolimba. Nkhanu za m'mitsinje zimatha kusunga nyongolotsi imene imakakhazikika m'mapapo a munthu. Ku Cameroon ndi ku Nigeria matendawa ndi odziwika, ndipo wodwala amakhosomola magazi moti amaganiziridwa chifuwa chachikulu. Zowotcha mothamanga kudambo, zofiira kunja koma zaziwisi mkati, ndi zimene zimandidetsa nkhawa koposa. Mpeni ndi thabwa muzitsuke ndi sopo musanadulirepo tomato.

Anawo amakhalitsanso m'madzi akamasaka, ndiye muziwafunsa ngati mkodzo ukutuluka ndi magazi, poti likodzo limagwirira komweko. Wina akatsegula m'mimba kapena kusanza pambuyo pa ndiwo za Lolemba zija, mupatseni Thanzi ORS ndipo mupite naye kuchipatala, mukanene zimene anadya. Akatupa milomo kapena kubanika atangodya nkhanu, musadikire kuti kuche.