Khobwe Amene Amapha Mbozi Yekha: Zimatheka Bwanji?

Ngati munathyolapo khobwe kumunda, mukudziwa kukhumudwa kwake. Kunja akuoneka bwinobwino, koma kungomusenda mupeza kambozi kali phee m'kati, njere zitadyedwa kale. Kambozi kameneka asayansi amakatcha Maruca vitrata. Kamayamba kudya maluwa, kenako n'kuboola makoko, ndipo chaka chikavuta mlimi amatha kutaya mbali yaikulu ya zokolola. Kupopera mankhwala kumathandiza pang'ono chabe chifukwa mbozi ikalowa m'kati, mankhwala saifikira.

Njira yakale yokonzera mbewu ndi kukwatitsa mtundu wolimba ndi mtundu wobereka bwino. Ku IITA, mumzinda wa Ibadan ku Nigeria, amasunga mitundu ya khobwe pafupifupi 15,000, koma atafufuza sanapeze mtundu wolimbana mokwanira ndi mboziyi. Ndiye mukwatitsa ndi chiyani? Apa m'pamene anatembenukira ku majini.

Tisanapitirire, majini amene ndikunena pano si a mizimu aja ayi! Jini ndi kachidutswa ka DNA kamene kamauza selo kuti lipange puloteni inayake. M'dothi muli bakiteriya wotchedwa Bacillus thuringiensis, mwachidule Bt, amene amapanga puloteni yopha mbozi. Asayansi a ku CSIRO ku Australia anatenga jini ya puloteniyi, yotchedwa cry1Ab, n'kuilowetsa m'maselo a khobwe. Wonyamula katunduyo anali bakiteriya winanso, Agrobacterium, amene mwachibadwa amalowetsa DNA yake m'zomera. Maselowo anawalera mu labu mpaka anasanduka mbewu. Kenako akatswiri a ku Ahmadu Bello University ku Zaria anaikwatitsa ndi khobwe amene alimi a ku Nigeria amamukonda, ndipo mu 2019 boma la dzikolo linaloleza mtundu wotchedwa SAMPEA 20-T. Kuno kwathu khobwe wa Bt anayesedwa m'munda wotchingidwa ku Bunda.

Tsopano funso limene ndikudziwa kuti lili kale pakamwa panu: chakupha mbozi sichingaphe munthu? Ine ndine wa Physics, koma apa ndibwereka pang'ono kwa anzanga a Chemistry. Mukukumbukira pH? M'mimba mwa munthu muli asidi wamphamvu, pH pafupifupi 2, ndipo puloteni ya Bt imagayika ngati mmene imagayikira ya m'dzira. M'matumbo a mbozi zinthu n'zosiyana: muli alikali, pH yoposa 9. M'menemo puloteniyo imadulidwa n'kukhala yamphamvu. Komabe zimenezi pazokha sizikwanira. Iyenera kupeza malo ogwira pa maselo a m'matumbo, ngati kiyi ndi loko wake. Mbozi ili nawo malokowo, munthu, mbuzi ndi nkhuku alibe. Ikagwira imaboola timabowo, madzi amalowa m'selo mwa osmosis, selo limafufuma n'kuphulika. Mbozi imasiya kudya, n'kufa.

Kiyi yemweyu ndi amene akutiuza malire a khobweyu. Nsabwe za m'mbewu zilibe lokoyo, anankafumbwe a m'thumba nawonso alibe. Choncho mlimi amapoperabe, kungoti alimi amene ankapopera kasanu ndi kamodzi kapena kuposa amauzidwa kuti kawiri n'kokwanira. Wina akakuuzani kuti mbewu imeneyi yathetsa tizilombo tonse, akukunamizani.

Chimene ine chimandidetsa nkhawa n'china. Pa mbozi zambirimbiri, sipalephera kupezeka imodzi imene loko wake ndi wosiyanako pang'ono. Imeneyo siifa, imaswana, ndipo pakapita zaka zidzukulu zake zimadzaza munda. Zinachitikapo ku South Africa ndi kapuchi wa m'chimanga cha Bt. N'chifukwa chake alimi amalangizidwa kudzalanso khobwe wamba pafupi, kuti mbozi zosalimba zipitirize kuswana ndi zolimbazo, ndipo ofufuza akuyesa kuwonjezera jini yachiwiri, cry2Ab, imene imagwira pa loko wina.

Kantchito kanu ka sabata ino: ngati mwayi woti mbozi ipirire puloteni yoyamba uli 1 pa 1,000, ndipo yachiwiri ulinso 1 pa 1,000, mwayi wopirira zonse ziwiri ndi wotani? Manambalawa ndangopeka kuti muwerengere, koma onetsani njira imene mwadzera.