Jiboia kapena mbatata?

Kuwerenga

Banja lina limakhala ku Ulongue, m'dera la Angonia. Pakhomo pali agogo, amayi ndi mtsikana wa kalasi 1. Palinso mphaka ndi kagalu. Mphaka amakonda kukwera pazenera. Kagalu kamatafuna ciliconse.

Tsiku lina amayi anafuna kukongoletsa nyumba. Anafuna comera coyanga, colendewera pazenera. Anansi anawapatsa nthambi ziwiri. Ina inali ya jiboia. Ina inali ya mbatata.

Mtsikana anaika nthambizo pamphasa.

— Agogo, zomera izi ndi zofanana! Zonse zili ndi masamba ooneka ngati mtima.

— Zafanana ndithu, mdzukulu wanga, koma si cimodzi. Yang'anitsitsa.

Mtsikana anayang'anitsitsa. Tsamba la jiboia linali lolimba ndi lonyezimira. Linali ndi mawanga acikasu. Tsamba la mbatata linali lofewa ndi lopyapyala. Silinkanyezimira.

— Masamba a mbatata ndi kholowa, anatero agogo. Kholowa ndi ndiwo. Anthu amadya. Mbuzi ndi akalulu amadyanso. Koma jiboia sadya.

— Cifukwa ciyani, agogo?

— M'masamba ake muli timasingano tating'ono kwambiri. Sitioneka ndi maso. Mphaka akatafuna tsamba, timasingano timamubaya m'kamwa. M'kamwa mumawotca. Dovu limatuluka lambiri. Nthawi zina amasanza.

Mtsikana anayang'ana mphaka wake. Anamumvera cisoni.

— Amayi, tiyeni tipacike jiboia pamwamba. Mphaka sadzafikapo.

— Ayi, mwananga. Mphaka amakwera. Ndipo jiboia ikakula, nthambi zake zimatsika mpaka pansi. Kagalu kadzazipeza.

Pamenepo banja linasankha mbatata. Amayi anabweza jiboia kwa anansi ndi kuwauza za timasingano tija. Mtsikana anatenga citini. Amayi anaboola citini pansi. Agogo anathiramo dothi. Anabzala nthambi ya mbatata ndi kuithirira madzi. Anaika citini pazenera lolowa dzuwa.

Patapita masiku, masamba atsopano anaphuka. Nthambi zinayamba kulendewera. Nyumba inakongola. Mphaka anagona pazenera mwamtendere.

Mawu atsopano

jiboia — kholowa — citini — mawanga — kuyanga — kulendewera

Yankha mafunso

1. Kodi pakhomo pali ziweto zingati? Zichule maina.
2. Kodi jiboia ndi mbatata zikufanana pati?
3. Kodi tsamba la jiboia limaoneka bwanji?
4. Cimacitika n'ciyani mphaka akatafuna jiboia?
5. Cifukwa ciyani amayi anakana kupacika jiboia pamwamba?

Maliza ziganizo

Masamba a mbatata ndi ________.
Tsamba la ________ lili ndi mawanga acikasu.
Banja linasankha ________.

Nchito

Jambula masamba awiri m'kope. Tsamba la mbatata lipake mtundu wobiriwira. Tsamba la jiboia lipake wobiriwira ndi mawanga acikasu. Pansi pa tsamba lililonse lemba dzina lake.

Kumbukira

Zomera zofanana maonekedwe sizifanana m'kati. Mwana asatafune tsamba limene sakulidziwa. Ayambe wafunsa akulu.

Kwa makolo

Jiboia ndi dzina la Cipwitikizi. Dzinali ndi la njoka yaikulu, yonga nsato. Comeraci cinacokera ku zisumbu za m'nyanja ya Pacífico. Anthu amacikonda cifukwa cimakula ngakhale mumthunzi, ndiponso cimamera mizu m'botolo la madzi. Timasingano ta m'masamba ndi m'nthambi zake timachedwa oxalato de cálcio m'Cipwitikizi. Timapweteka amphaka, agalu ndi ana omwe. Madzi a m'nthambi amathanso kuyabwa pakhungu, conco wodula jiboia asambe m'manja ndi sopo.

Pali comera cina cofanana kwambiri ndi jiboia. Dzina lake ndi filodendro. Masamba ake ndi amtima, obiriwira. Naco cili ndi timasingano tomweti. Pakhomo pa ana aang'ono ndi ziweto, zonse ziwiri n'zosayenera.

Mbatata zilipo zamitundumitundu. Zina zili ndi masamba amtima, zina ali ndi mphanda ngati zala. Mbatata imafuna dzuwa ndi madzi. M'cipinda camdima siikula bwino. Nthambi zikatalika, makolo azidule nsonga kuti ziphuke zina.

Mwana akatafuna jiboia, makolo acotse zotsala m'kamwa. Amutsuke m'kamwa ndi madzi oyera, ndipo amupatse madzi ozizira kuti amwe pang'onopang'ono. Asamukakamize kusanza. Milomo kapena lilime zikatupa, kapena akamavutika kumeza ndi kupuma, athamange naye kucipatala. Atenge tsamba limodzi kuti akaonetse anamwino. Ciweto cikatafuna, acitsuke m'kamwa ndi kucipatsa madzi. Cikapitiriza kusanza kapena kukana cakudya, apite naco kwa dokotala wa ziweto.